Thumba la Esitere Linafika Theka

Uthenga unandipeza m'dimba, dzuwa lisanatulukire bwino kuseri kwa phiri, ndikuthirira kabichi manja atachita dzanzi ndi chisanu cha mwezi wa Juni. Kafoni kanga ndimakamangirira kunsonga ya chitenje, ndiye kakayamba kulira umangomva ngati chiwala chakulowa m'chiuno. Ndinapukuta dzanja n'kudina pobiriwira paja, poyankhira.

Anali akamwini anga, a Lameki, amuna ake a Esitere, chitsirizira wanga amene amakhala ku Blantyre. Ine ndi akamwini sitichezerana nkhani zazitali, timapatsana ulemu. Akaimba okha, mtima umayamba wagunda mawu asanamveke.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Kunotu anzangawa ndawasiya kuchipatala. Matenda ayamba."

"Matenda? Si paja masiku ake ndi a mwezi wamawa?"

"Ifenso tinkadziwa choncho. Anamwino akuti pakufunika munthu wamkazi wowadikirira. Ine andibweza pakhomo, akuti amuna salowa. Ndatumiza ndalama pafoni yanuyo. Ndafunsa mtengo wa minibasi, ndaikapo ya kabaza ndi ya m'tauni muno. Ikwana ndendende. Chonde mufike lero, kukamada amatseka chipata cha odikirira."

Kothirira ndinakasiya kali chigonere m'mzere. Iyi inali mimba yoyamba ya Esitere, mwana woti ngakhale jakisoni amamuthawa. Ine mwana wanga woyamba ndinabereka ndili ndekha m'nyumba, anthu onse ali kumaliro, ndipo mwanayo sanalire. Zaka zapita zambiri, koma sindinaiwale mmene denga limaonekera ukamaliyang'ana popanda wokugwira dzanja. Ndinati ayi, wangayu denga limenelo asakaliyang'ane yekha.

Katundu sanandichedwetse. Beseni latsopano, zitenje zinayi, kapoto, ndi thumba la mbatata ya kachewere lomwe ndinali nditasoka kale pakamwa, loti mwana akadye akachira. Kuchokera kwathu kwa Kaphuka mpaka pamsewu wa tala pa Chimbiya ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, ine kumbuyo, thumba patsogolo, fumbi lili kobo. Mtengo tinagwirizana tisananyamuke, anthu akumva.

Pa Chimbiya ndi pamalo panga, ndimayala mbatata pomwepo masiku ena. Anzanga atandiona ndili ndi mpango wa kutchalitchi anayamba kukuwa.

"ANabanda, lero simuyala? Mwapeza banja kodi?"

"Esitere matenda ayamba! Mundipempherere!"

Ndinathamangira kwa mayi wa pansi pa ambulera amene amatapitsa ndalama za pafoni. Anadinadina, n'kupukusa mutu.

"Agogo, yonse situluka. Pali yotapira."

"Yotapira ndiye chiyaninso? Akamwini atumiza yokwana ndendende."

"Onani apa, zalembedwa."

Anandiloza pagalasi la foni. Ine zilembo ndimaziona ngati nyerere zafola, sindidziwa yamutu ndi iti. Ndinalandira zomwe anandipatsa. Nditacheuka, wakabaza ali njo kudikira. Ndinamupatsa yomwe tinapangana, koma dzanja lake silinabwerere.

"Iyi ndi yanu, agogo. Nanga ya thumba?"

"Thumba sunalione pokwera?"

"Ndinaliona. Koma inu munafunsa kuti munthu n'zingati."

Inu, ndikanakhala ndi nthawi tikanamvana bwino tsiku limenelo. Koma minibasi inali itaima kale, kondakitala akumenya chitseko, "Blantyre! Blantyre yonyamuka! Munthu mmodzi!" Ndinamuponyera wakabaza kandalama kanga komwe ndinagulitsa kabichi n'kuthamanga. Kondakitalayo anali bambo wamng'ono wa chipewa chofiira, dzino lakutsogolo lobenthuka. Ndinamufunsa kawiri mtengo wa ku Blantyre, kawiri konse anatchula womwe akamwini ananena. Mtima unakhalako pansi. Thumba analikankhira kunsi kwa mpando wakumbuyo, beseni ndinalifungatira pamiyendo.

Sitinayende nthawi yaitali tisanafike pa Dedza boma. Apo ndiye anthu anatsika pafupifupi onse, n'kutsala ine ndi bambo wina wokalamba amene ankangosinza. Minibasi inakhota n'kuima padepoti.

"Mphindi ziwiri, makolo!" anatero kondakitala.

Mphindi ziwiri za kondakitala muzizimva. Munalowa amuna anayi, n'kukhala aliyense pampando wake, opanda katundu, opanda nkhawa, mmodzi akutokosa m'mano. Ndinati Mulungu ngwabwino, tidzaza msanga. Koma akabwera wapaulendo weniweni n'kukwera, mmodzi wa anayi aja amatsika mwakachetechete ngati akukataya madzi, osabweranso. Anali anthu ongokhalitsa m'mipando kuti galimoto izioneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Dalaivala ankaliza injini, vuu vuu, kusuntha mapazi atatu, kubwereranso mapazi atatu. Mthunzi wa minibasi unali mbali iyi, ndinauona ukufupika mpaka kulowa pansi pa matayala.

"Achimwene, tinyamuka liti? Mwana wangatu ali kuchipatala."

"Pompano, agogo. Munthu mmodzi."

"Munthu mmodzi ameneyu sanabadwe kodi?"

Amene anaseka anali bambo wa kapu yoyera amene anali atangokhala pambali panga. Anati ndi a Jafali, ali ndi golosale pa Dedza pomwepo, akupita ku Limbe kukaoda katundu. Kutsogolo kwathu kunakhala mayi wa wigi ndi magalasi, wa chikwama chonyezimira, amene ndinamva pambuyo pake kuti anali mphunzitsi wopuma. Awiri amenewa ndi amene ndinayenda nawo mpaka mapeto.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Titangodutsa mphambano ya ku Bembeke, poti munthu sungatsikenso, kondakitala anayamba kutolera. Ndinamupatsa yanga. Anaiwerenga, n'kundiyang'ana.

"Ya katundu, agogo."

"Ndinakufunsa kawiri!"

"Munafunsa ya munthu. Thumba lanulo ndi lolemera kuposa agogo aamuna akusinzawa. Limamwa mafuta."

Ndinalongolola mpaka kukhosi kunauma, iye ali duu, dzanja lili chitambasulire. Ndinapereka yotsala ya kabichi yonse. Tsopano ndinangotsala ndi ija ya minibasi ya m'tauni, yochoka kudepoti kukafika kuchipatala, nayonso yolumidwa kale ndi mayi wa pansi pa ambulera.

Pa Lizulu ogulitsa anaunjikana m'mawindo ndi kaloti, anyezi, mapichesi ouma. Ine sindinaone kanthu, maso anali pamsewu. Dzanja lamanja akuti ndi Mozambiki, dzanja lamanzere ndi kwathu. Kaya. Ine ndinkangoona kuti dzuwa layamba kupendeka.

Pa Ntcheu dalaivala analowa pomwetsera mafuta, wantchito wa pamenepo n'kungomukupizira dzanja kuti mulibe. Analowa pena, chimodzimodzi. Kenaka anakaima kuseri kwa masitolo, n'kuzimitsa injini, kondakitala n'kusowa. Tinakhala. Kutentha kwa ku Ntcheu sikofanana ndi kwathu, juzi yanga inayamba kundiluma. Foni inalira.

"Amayi, mwafika pati?"

"Pa Ntcheu, bambo."

"Pa Ntcheu?" anatero akamwini. "Anamwino atuluka, akuti mwana sakutsika. Akuti akadikira pang'ono, zikakanika apita nawo ku opaleshoni. Akungoitana inu."

Foni inaduka. Beseni lija ndinaligwira ngati lithawa.

Kondakitala anabwera ndi amuna awiri atanyamula zigubu zachikasu. Anathira mafuta ndi botolo lodula, fungo lili guu m'galimoto monse. Atatha analowetsa mutu pachitseko.

"Makolo, mwaona nokha. Mafuta a m'zigubu ndi odula. Aliyense awonjezere thu sauzande, apo ayi tigona pano."

Munabuka phokoso ngati mwagwa njoka. Ndiye taonani mmene zinthu zimakumanirana: dalaivala, pofuna kutitseka pakamwa, anakweza wailesi, ndipo pawailesipo anthu ankaimba mafoni kukambirana nkhani yomweyi. Akuti kodi pakhale lamulo loletsa ogulitsa kubisa ndalama zina, kuti mtengo umene wauzidwa poyamba ukhale womwewo polipira? Wina amaimba kudandaula za kubanki, wina za ngongole za pafoni, wina za sukulu yolipira imene imatchula fizi yochepa kenaka n'kumatulutsa tina ndi tina mwana atalowa kale.

"Mwamva?" anatero mayi wa wigi, akuloza wailesi ndi chala. "Lamulo limeneli likhwime. Mtengo uzilembedwa pachitseko, wa munthu, wa katundu, wonse. Wowonjezera azilipitsidwa chindapusa."

"Olemba alembe," ndinatero ine, "koma azinenanso ndi pakamwa. Enafe pepala silitiyankhula."

Dalaivala anayankha osacheuka. "Akamalemba lamulolo alembenso kuti mafuta azipezeka. Ine pa Chimbiya ndikanadziwa bwanji kuti pa Ntcheu mulibe? Ndine mlosi?"

"Mafuta tamva," anatero a Jafali mofatsa. "Nanga thumba la mayiwa? Nalonso munalidziwira panjira?"

Dalaivala anakweza wailesi pang'ono.

Agogo aamuna osinza aja anatsegula diso limodzi. "Malamulo alipo ambiri m'dziko muno. Ndani adzakwere minibasi iliyonse kudzaona? Mudzakasuma kuti, ndi ndalama yokwerera iti?" Anatsekanso diso.

"Ine lamulolo ndikulifuna," anatero a Jafali, "ngakhale ndine wogulitsa. Kumene ndikupitaku andiuza mtengo wa katoni, ndikalipira andiuza kuti msonkho sunali momwemo, kenaka wonyamula, kenaka wapachipata. Koma likabwera ligwire tonse tsiku limodzi. Ndikayamba ndekha kutchula mtengo wonse, mnzanga wa khomo linalo akutchula theka, anthu athamangira kwa iye. Woona mtima ndi amene ayambe kutseka sitolo."

Ine nkhani zofatsa choncho sizinandikwane. Mwana wanga akuitana dzina langa, ine ndili kuseri kwa masitolo a pa Ntcheu, ndalama yomaliza akufuna kundilanda. Ndinaimirira theka, mutu n'kugunda denga.

"Chindapusa chachepa! Amangidwe! Onse obisa mitengo ndi akuba, kusiyana kwake n'koti wakuba weniweni amabwera usiku, awa amakubera ukuwayang'ana, n'kukuuzanso kuti zikomo. Kuyambira mmawa ndakhala ndikubudulidwa ngati chimanga cha m'mbali mwa njira. Amangidwe, ndipo makiyi akaponye m'Linthipe!"

Anthu anawomba m'manja. Mayi wa wigi anati, "Nenani, mayi!" Ine n'kumva kukoma.

Kondakitala sanakwiye. Anakankhira chipewa chake kumbuyo, n'kundiyang'anitsitsa, kadzino kobenthuka kali poyera.

"Agogo, dikirani. Si inu mumayala mbatata pa Chimbiya, pafupi ndi ogulitsa tomato, ndowa yabuluu?"

"Ndine. Ndiye?"

"Ndimadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ine. Tawauzani anthuwa za ndowa yanu ija."

Anthu onse anacheukira kwa ine.

"Simunena? Ndinene ndine. Makolo, ndowa ya agogowa kunja ndi ndowa, mkati ndi mbale. Pansi pake anapawotcha ndi moto n'kupakankhira mkati, mpaka chibakera chimalowa kunsi kwake. Pamwamba amasanja zikuluzikulu, mulu kutalika ngati chulu. Ukafika kunyumba n'kukhuthula, zapansi ngati mazira a njiwa. Ukalipira akuti jumbo ndi yapadera. Ndikunama, agogo?"

Mayi wa wigi anatembenuka thupi lonse, n'kutsitsa magalasi. "Pa Chimbiya? Inetu ndinagulapo chaka chatha! Ndinafika nazo kwa apongozi anga ndikunyada, pokhuthula ndinafuna kulowa pansi."

"Sindinali ine," ndinatero. Koma mawu anatuluka ang'onoang'ono, chifukwa ndani akudziwa, mwina ndinali ine.

"Ndiye makiyi aja tiponyebe m'Linthipe?" anafunsa kondakitala.

Galimoto yonse inafa ndi phwete, ngakhale agogo osinza aja mapewa ankagwedezeka. Ndinayesa kudziteteza. Ndinati ndi mmene timagulitsira tonse pamsewu paja, ndinazipeza choncho. Ndinati ogula a m'magalimoto amanenerera mpaka kukusiya ndi mtengo wosagula ngakhale feteleza wa m'kapu, ndiye ukayala ndowa yoona pamtengo woona amakudutsa n'kukagula kwa mnzako wa ndowa yobenthuka. Ndili pakati polankhula ndinamva kuti mawu angawa ndi omwe aja a Jafali anena, komanso akufanana ndi a dalaivala. Ndinakhala pansi.

"Anyani amasekana zikundu," anatero agogo osinza aja, maso ali chitsekere.

Thu sauzande ija ndinapereka osayang'ana munthu kumaso. Inali ya minibasi ya m'tauni. Chotsala chinali chosagula ngakhale nthochi.

Kuchoka pa Ntcheu mpaka pa Chingeni ndinkangoyang'ana pawindo. Msewu unatsika, mapiri athu anatsalira kumbuyo, kunayamba milambe ndi mbuzi zoonda. Ndinavula juzi. Manyazi amandigwira, kenaka nkhawa imawakankha, kenaka manyazi amabweranso. Ndikafika kudepoti ku Blantyre ndiyenda wapansi? Njira sindiidziwa, thumba pamutu, chipata akutseka. Ndinkawerenga mitengo ya magetsi, n'kusokoneza, n'kuyambiranso. Anthu amatsika mmodzimmodzi, okwera osaoneka. Pa Phalula tinaima kudikira munthu amene kondakitala anati wamuona akubwera, koma anali mayi wopita kuchigayo.

Tinafika pa Zalewa dzuwa litafiira, titatsala anthu asanu. Dalaivala anaona gulu la anthu tsidya lina la msewu akudikira galimoto yopita ku Lilongwe. Anayang'anana ndi kondakitala. Basi.

"Makolo, tsikani mukwere iyo ili kutsogoloyo. Talipira kale, musadandaule."

Kumeneko ndiye amati kugulitsidwa. Tisanatsegule pakamwa katundu wathu anali pansi, minibasi yathu yatembenuka, wachipewa chofiira akukuwa, "Lilongwe! Lilongwe yonyamuka!" Pochoka anandikwezera dzanja. "Agogo, mukapereke moni kuchipatala!"

Kondakitala watsopano anali wamtali, wosaseka. Anatiwerenga ndi chala, n'kuloza thumba langa ndi phazi.

"Andipatsa ya anthu asanu. Ya thumba sanandipatse."

"Ndalipira kale ku Bembeke!"

"Munalipira iwo aja. Awo akupita apowo, athamangireni."

Mayi wa wigi anamukalipira m'Chingerezi, iye osagwedezeka. Foni inaliranso. Sindinafune kuyankha, koma ndinayankha.

"Amayi, alowa nawo."

Mawu atatu okha. Ndinakhala pathumba paja, m'mbali mwa msewu, malole akudutsa, fumbi likundimwaza kumaso. Ndinaganiza zolisiya thumba pomwepo. Koma ngakhale ndilisiye, ya m'tauni ndiitenga kuti? Kupempha sindinapemphepo chibadwire, ndipo nditi ndiyambe lero, kwa anthu amene andiseka pa Ntcheu?

A Jafali anabwera n'kunjuta patsogolo panga.

"Mayi, kukupatsani ndalama mukana, ndakuonani nkhope. Ndiye tichite malonda. Kunyumba kwa mchemwali wanga ku Limbe sindingalowe chimanjamanja. Ndigulitseni mbatata."

"Ndi za mwana wanga."

"Mwana wanu akufuna inu kapena mbatata?"

Ndinadula ulusi ndi mano.

"Koma pepani," anatero, akumwetulira, "pa zomwe tamva pa Ntcheu, mukhuthule zonse ndione zapansi."

Ndinayala chitenje, n'kugwira thumba kumatako, khuthu! Mbatata zinagubuduka. Mayi wa wigi anawerama, n'kuyamba kufukula ndi dzanja lake la mphete, kufuna mazira a njiwa. Anafukula, anafukula. Zonse zinali zikuluzikulu, zosalala, zofiirira, yoyamba mpaka yomaliza, yopanda bala ngakhale imodzi. Ndinazisankha ndekha imodziimodzi, nditakhala pamphasa masiku awiri.

"Hee," anatero mayi uja. "Kani mbatata zotere ziliko kwa Kaphuka?"

"Ziliko," anatero a Jafali. "Zimangodziwa kwawo."



Poyezera panalibe. A Jafali anakabwereka ndowa kwa mayi wina wogulitsa tomato pamenepo. Asanathiremo kanthu anaitembenuza, n'kulowetsa chibakera kunsi kwake. Chinalowa chonse mpaka pamkono. Mwini ndowa anayang'ana kumbali ngati waitanidwa. Ine ndinaseka, inu, ndinaseka misozi ili m'maso, mwana wanga ali pansi pa mpeni. Tinayezera beseni la Esitere.

"N'zingati beseni?"

Pakamwa panga panazolowera kutchula mtengo wokwera kuti wogula atsitse, kapena wotsika kuti ndidzabwezere pa jumbo. Koma ndinatchula mtengo umodzi, woti ine ndisalire iwonso asalire.

"Ndi wonse umenewu? Chonyamulira?"

"Ndi wonse. Chonyamulira mupeze nokha, ine ndilibe."

Sananenerere. Anatenga beseni limodzi, mayi wa wigi n'kutenga lina, akuti akawaonetse apongozi ake aja kuti pa Chimbiya pamachokeranso zabwino. Ndinawaikira basera, zitatuzitatu. Beseni loona limadya, abale. Mabeseni awiri okha thumba linafika m'chiuno. Ndinaona ndi maso anga kuti ndowa yanga yabuluu yakhala ikundisungira zochuluka bwanji zaka zonsezi, ndi kuti zimenezo zinkachoka m'miphika ya anthu ena.

"Tiyeni, tiyeni, kwada!" anakuwa wamtali uja. Ataona thumba lafupika anati ya katundu yatsikanso. Ameneyo yekha ndi amene anatsitsa mtengo tsiku lonselo.

Tinawoloka Shire. Lirangwe, Lunzu, magalimoto ali ndondondo ngati ng'ombe zopita kudibi, ife tikuyenda pang'ono n'kuima, pang'ono n'kuima. Ndinkakankha mpando wakutsogolo ndi bondo ngati ndithandiza injini. Pawailesi ya minibasi iyi munali nyimbo zokhazokha. Mayi wa wigi ananditembenukira.

"Ndiye mayi, lamulo lija libwere kapena lisabwere?"

"Libwere," ndinatero. "Koma tsiku lomwe lidzafike pa Chimbiya adzatiuziretu, tidzagule ndowa zatsopano tonse limodzi. Ndipo inu a m'magalimoto mudzasiye kunenerera ngati mbatata timazitola m'tchire."

"Apo ndiye mwatigwira ifenso," anatero.

Kudepoti a Jafali anandikweza okha minibasi yopita kuchipatala, n'kumufunsa kondakitala pamaso panga kuti, "Munthu ndi thumba, zonse pamodzi, n'zingati? Nena mokweza amve." Sindinawaonenso kuyambira tsiku limenelo.

Magetsi a mumsewu anali atayaka pomwe ndinatsika. Akamwini ndinawaona patali, ali pachipata, akuyenda uku ndi uku. Atandiona anathamanga, n'kugwada pambali monga mwa ulemu. Anangolandira thumba n'kuloza mlonda amene anali atagwira kale loko. Ndinalowa chammbali, beseni patsogolo.

Fungo la mankhwala, makonde ataliatali, amayi atayala zitenje pansi. Ndinkafunsa aliyense wovala zoyera, "Esitere, wa kwa Kaphuka, mimba yoyamba." Wina anandilozera chipinda chakumapeto.

Anali pabedi lachitatu, chubu cha madzi kudzanja, milomo itauma, maso otseka. Pamimba pake bulangete linali lophwa. Mwana panalibe. Ndinagwira chitsulo cha bedi.

"Ndinu amake?"

Anali mayi wina wakuda bii, wamtali, wa msinkhu wanga, atakhala pansi pakati pa bedi la Esitere ndi linzake. Pamiyendo pake panali kamtolo kokulungidwa m'chitenje chimene sichinali chathu.

"Ndine."

"Mwafika. Wamkazi, wabadwa dzuwa likulowa. Analira mpaka chipinda chonse chinamva." Anati iye ndi wa ku Chikwawa, akudikirira mpongozi wake pabedi linalo. "Wanuyu ankangoitana amayi, amayi, ndiye ndinati amayi ndi ife tomwe. Ndinamugwira dzanja mpaka pakhomo la opaleshoni. Mwana atatuluka anafunsa chitenje, panalibe, ndinapereka changa. Zovala zake ndachapa, zili pachingwe panja. Akadzuka musamupatse kanthu mpaka anamwino anene."

Ndinayang'ana chitenje chija, chatsopano, chosachapidwa kawiri. Ndinayang'ana manja ake otuwa ndi sopo. Ndipo inu, tsiku lija linali litandiphunzitsa moipa. Dzanja langa linapita lokha kukatulutsa kandalama kotsala pa mbatata zija.

"Zonse pamodzi n'zingati, mayi? Chitenje, kuchapa, ndi kudikirako. Mundiuziretu."

Mayi uja anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi.

"Mwati bwanji?"

"Amayi," anatero mawu ofooka pabedi. Esitere anali atatsegula maso. "Mwayenda ulendo wonsewu kudzandichititsa manyazi?"

Mayi wa ku Chikwawa anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kundisendezera kamtolo kaja pachifuwa.

"Chotsani chimenecho m'manja, mayi. Kuno kukufunika manja onse awiri."

Poika panalibe. Ndinaluma ndalama ija ndi mano, n'kulandira mdzukulu wanga.